Chibenthu cha Simenti Yofiira

6 Malichi

Wokondedwa Kansingano, mwana wa achimwene anga,

Moni moni mwanawe! Uli bwanji kunja kozizirako? Kuno tadzuka, kupatula bondo langali lomwe limadzuka mochedwa kuposa mwini wake.

Kalata yako andipatsira pampanda adalaivala a lole aja, ndipo nditafika poti "tsopano tikonze pansi pa nyumba ya bambo," ndinakuwa mpaka galu wa aneba anathawa. Abale inu! Denga unakonza, mawindo unasintha, lero pansinso? Ndavina ndekha m'khitchini manja ali ndi thovu la sopo. Akanakhala moyo mayi ako akanalira, mulamu wanga uja, amene anathera maondo pa simenti yofiira ija ndi kachitini ka polishi Loweruka lililonse.

Dzulo ndinavala diresi yanga yabwino n'kupita kusitolo ya zomangira. Mwanawe, zinthu zilipo padzikoli! Pali matailosi oyera onyezimira, ukawerama umadziona nkhope, ine ndinaona ndi chibwano changa chachiwiri chomwe. Pali ena okhakhala pang'ono, mtundu wa tiyi wamkaka. Pali timatabwa tolumikiza, tokongola, koma akuti tikamwa madzi timatupa. Pali kapeti wa pulasitiki wamaluwamaluwa, koma amene uja amang'ambika ndi mwendo wa mpando. Wogulitsa anati tikhozanso kungomata ming'alu n'kupakanso polishi wofiira. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinati, bambo inu, mwana wathu ali pantchito kunja, mukufuna anthu azinena kuti amatumiza polishi?

Bambo ako ndiye ukuwadziwa. Ndinawapeza m'kachipinda ka makina, phazi pa chopondera, osasoka kanthu. Akuti zala zikuwawa masiku ano. Kalata yako anati ndiwawerengere, magalasi sakudziwa pomwe anasiya. Telala wamkulu, amene wandiseka moyo wonse kuti ndinathawa sukulu, lero akuwerengeredwa ndi ine! Nditamaliza anangoti, "Pansi palakwa chiyani?" Ndinati achimwene, pang'ambika ngati chidendene. Iwo ati, "Ming'aluyo ndimaidziwa."

Ayambanso khalidwe loyenda opanda nsapato m'nyumba, kaya kuzizire. Masilipasi unatumiza aja akadali m'pepala pamwamba pa wadiropu. Ukalamba ndi ubwana basi.

Mmisiri ndapeza kale, uja timamutcha Mawamawa chifukwa chilichonse amati mawa. Koma dzanja lake ndi labwino. Sankha msanga, undiuze. Ine mtima wanga uli pa onyezimira aja, sindikubisa.

Ndine azakhali ako,
osangalala mpaka tulo kusowa

24 Malichi

Azakhali,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondolo muzilipaka mankhwala aja, musamangolinyoza.

Kuno ntchito ndi yomweyo ya kunyumba yosungirako okalamba. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawayendetsa m'khonde atandigwira mkono. Nthawi zina ndikamanga mabatani a malaya a nkhalamba ya eni ake, ndimaganiza kuti mabatani a bambo anga akuwamangira ndani.

Onyezimira aja ayi, azakhali, pepani. Ndaona anthu akuthyoka chiuno pa matailosi otero. Timatabwa ndi kapeti nazonso ayi. Tengani okhakhala aja, a mtundu wa tiyi wamkaka. Ndipo mmisiriyo mumuuze kuti nyumba yonse ikhale yofanana, kuyambira pakhomo mpaka kubafa. Kasitepe ka pakhomo la khitchini kaja achotse, mng'alu wa m'khonde lam'kati uja akwirire, pasakhale popunthwitsa munthu. Kuno ndi momwe amachitira, ndipo okalamba sagwa kawirikawiri.

Pali china chikundiwawa. Foni yatsopano ndinawatumizira bambo ija sayankha. Imaitana mpaka kudula yokha. Kale ndi yakale ya mabatani ija ankayankha isanalire kawiri, n'kuyamba ndi "Kansingano, walowa pa nsalu iti lero?" Ndikudziwa chifukwa chake. Sindinabwere pa maliro a mayi. Ndinafotokoza kuti mapepala anga anali asanatuluke, ndikanachoka sindikanabwereranso, iwo anati amva. Koma munthu akhoza kumva ndi khutu mtima osamva.

Nyumbayi ndi njira yokhayo yomwe ndatsala nayo yowauzira kuti sindinawataye. Muwafunsenso bwinobwino ngati mtunduwo aukonda. Akakana chifukwa choti zachokera kwa ine, mundiuze zoona, musandinyengerere.

Ndine mwana wanu,
Kansingano

15 Epulo

Kansingano mwanawe,

Moni! Pukuta misozi, ntchito yayamba ndipo ikutha!

Ndinawatengera bambo ako tailosi imodzi kuti aone mtundu. Sanayang'ane n'komwe, anangoisisita ndi chikhatho ngati akusankha nsalu, ati, "Njozizira." Ndinati mtunduwo bwanji? Ati, "Mtundu uli bwino." Ndinati ndiye tiike? Ati, "Mlongo, nyumba yanga isiyeni momwe ilili, mwanayo asunge thukuta lake." Ukuona? Si mkwiyo ayi, akungokumvera chisoni. Amuna a pabanja pathu onse ndi choncho, ukawapatsa nyama amati akhuta, ukatembenuka mbale yayera.

Ndiye ine ndinachita nzeru. Ndinawauza kuti kubwera anthu opopera mankhwala a mphemvu, fungo lake ndi loopsa, akagone kwanga masiku angapo. Anakana, ndinalira dala, analola. Atangokwera galimoto, Mawamawa n'kulowa ndi nyundo zake. Kiyi wachiwiri ndinamusiyira iyeyo.

Kwanga kuno ndiye andisautsa. Kwawo amayenda ngati mnyamata, uku ndi uku, koma kuno angokhala pampando umodzi ngati mlendo wodzafunsira. Aswa kapu yanga yamaluwa, agunda chitseko ndi chipumi, dzana anavala malaya chosandutsa. Pothira tiyi amaika chala m'kapu! Ndinati achimwene, mwayamba liti uve umenewu? Ati akuyesa kutentha. Ndi kupukwa kwawo basi.

Koma nyumba, mwanawe! Ndimapita masana kukasuzumira. Pabalaza pali ngati kubanki. Kasitepe kachoka, mng'alu wachoka, paliponse see! Aneba akumabwera ndi tizifukwa, wina akuti akufuna machesi, maso ali pansi. Ine ndimangoti lowani, ndi mwana wa achimwene ameneyo, timamutcha Kansingano chifukwa anali wowonda ndipo ndiye ankawalowetsera bambo ake ulusi, lero taonani zomwe wasoka.

Vuto ndi limodzi. Matailosi atha kachipinda ka makina kasanaikidwe. Mawamawa anayeza ndi maso, maso ake n'kumunamiza. Kusitolo mtundu womwewo watha, akuti ubwera. Ndiye kachipindako katsala kofiira, ndi timaenje take tija pansi pa chopondera. Ndikatseka chitseko alendo asaone.

Ndine azakhali ako onyada

2 Meyi

Mwanawe,

Ndikhulupirira uli bwino. Tawabweza bambo ako kwawo Lamlungu masana.

Ndinakolopa kawiri, ndinaitana amayi a m'njira mwathu kuti adzaone nkhope yawo. Titafika pakhomo anavula nsapato monga mwa masiku onse. Anaponda phazi limodzi m'kati. Anaima pomwepo. Phazi lija linayamba kuyendayenda lokha, kutsogolo, kumbali, ngati munthu wofuna ndalama yomwe yagwa. Kenako anati, "Mlongo, mwandibweretsa kuti?"

Tonse tinaseka mpaka kugwirana! Ndinati muli kwanu achimwene, nyumba yakongola mpaka mwini wake waisokoneza! Amayi aja kuwomba m'manja. Ndinati ndi mphatso ya mwana wanu, mphemvu zija linali bodza langa. Kenako anati, "Zikomo. Mumuuze zikomo." Ndiye ndakuuza, wamva? Anati zikomo.

Atatero anayenda kulunjika kuchipinda, koma anakathera pakhoma, pafupi ndi kabati. Wina mwa amayi aja anati chimwemwe chimaledzeretsa, tinasekanso. Anatsata khoma ndi dzanja mpaka anapeza chitseko chomwe ndinatseka chija. Atangoponda m'kachipinda ka makina, ndinawamva akupuma ngati munthu amene watula katundu. Sanatulukenso, ngakhale alendo potsanzika.

Pano akuti matilesi awo akhale momwemo. Bedi labwinobwino lili kuchipinda chachikulu pa matailosi atsopano, iwo akugona pansi pafupi ndi makina, malo ochepa oti mwendo umagunda chitseko. Ndinati achimwene, anthu adzati mwanayo anakumangirani nyumba n'kukutsekerani m'sitoro. Ati, "Muno ndi mofunda."

Usadandaule, azolowera. Nsapato yatsopano imaluma. Ine ndimapita tsiku lililonse ndi chakudya, ndikafika ndimayamba ndayenda pabalaza opanda nsapato, kungomva kukoma. Foni yanga inagwera m'ndowa ndikukolopa, yafa, ndiye uzingolemba.

Koma kunena zoona, kudya achepetsa.

Azakhali ako

17 Meyi

Kansingano,

Moni ndikupatsa, koma lero ulibe mchere. Khala pansi uwerenge.

Bambo ako saona.

Dzulo ndinachedwa, ndinafika dzuwa lili pamutu. Nditatsegula ndinawapeza ataima pakati pa balaza, manja atatambasula ngati mwana wophunzira kuyenda. Thalauza linali lonyowa. Anatuluka m'mawa kufuna kubafa, dzanja linaphonya khoma, basi osadziwanso kuti kutsogolo ndi kuti. Anaima pomwepo kudikira munthu. Atamva chitseko anati, "Ndani?" Ndinati ndine. Maso awo anayang'ana pawindo, ine ndili kuno.

Mbale inandigwa m'manja.

Nditawasintha zovala tinakhala pa matilesi paja, anandiuza zonse. Zinayamba mayi ako asanamwalire, ngati utsi m'mbali mwa maso. Mayi ako ankadziwa, ndiwo ankawalowetsera ulusi. Pano akungosiyanitsa usana ndi mdima. Ndinati nanga mumayenda bwanji nyumba yonse osagunda kanthu? Ati, "Ndi mapazi, mlongo. Ndikatsika pabedi pali pokhakhala pomwe ndinamata ndekha. Kuchoka apo ndimatsata mng'alu ndi chala chachikulu mpaka pabalaza. Posalala kwambiri ndi pomwe pankakhala mpando wa mayi ake a mwana, ankapakapo polishi wambiri. Ndikafika pamenepo ndikhotere kumanja, kasitepe, ndiye khitchini. Kumanzere kozizira, ndiye kubafa. Nyumba yonse inali yolembedwa pansi. Pano paliponse pakunena mawu amodzi."

Ndinati bwanji osanena? Ati, "Inu mukanandinyamula ngati katundu kupita nane kwanu. Kansingano akanasiya ntchito. Ndinali kukwanitsa."

Foni yako ija sakana kuyankha. Ikalira amaisisita paliponse, palibe batani, ndi galasi lokhalokha. Akuti amaigwira pachifuwa mpaka itasiya kunjenjemera, amadziwa kuti ndiwe.

Mwanawe, ine ndinkaseka. Chala m'kapu ndinaseka, malaya osandutsa ndinaseka, atafunsa kuti ndili kuti ndinaitanira anthu kuti tiseke tonse. Maso ndili nawo awiri, ndinkayang'ana matailosi.

Tsopano tamvera. Kachipinda ka makina kasakhudzidwe. Ndi malo okhawo omwe mapazi awo akuwadziwa. Mwayi wake matailosi kusitolo kulibe, ndipo Mawamawa sabwera osamukoka ndi chingwe. Ndikakumana naye ndimuuza. Lachinayi la sabata ya mawa ndikupita nawo kuchipatala cha maso. Adalaivala anyamuka m'mawa, kalatayi ikupeze msanga.

Azakhali ako

21 Meyi

Azakhali,

Muli bwanji? Kalata yanu yomaliza yomwe ndili nayo ndi ya pa 2 Meyi, yonena kuti bambo akugona pansi m'kachipinda ka makina. Akazi awo a adalaivala andiuza pafoni kuti lole yaima pamalire, mapepala a katundu avuta, ndiye kaya mwalembanso kaya ayi sindikudziwa. Iyi ndatumiza ndi mnzanga amene akubwera pa basi.

Ndaiwerenga kalata ija mobwerezabwereza. Poyamba ndinakwiya. Ndinati nyumba yonse ndakonza, iwo asankha kagawo kamodzi komwe dzanja langa silinafike. Ndinalira kuntchito mpaka gogo wina amene ndimamusambitsa anandipatsa mpango wake.

Koma kenako ndinaganiza bwino. Kachipinda kaja ndi komwe anatilerera. Fizi yanga yonse inatuluka pa chopondera chija. Ndiye taonani zomwe tachita: pabalaza pa alendo takongoletsa, kubafa takongoletsa, chipinda cha ntchito yawo tasiya ngati khola. Inunso mwatseka chitseko kuti anthu asaone. Munthu wonyada ngati bambo sanganene kuti mwandinyoza. Angokagona momwemo kuti tione tokha.

Ndiye ndakonza. Popeza foni yanu inafa, ndinapeza nambala ya mmisiri uja. Matailosi afika kusitolo ina, ndalipira kuchokera kuno. Ndamuuza kuti nthawi ino za mawa sindikufuna, akamaliza tsiku limodzi ndimuwonjezera. Wati kiyi akadali naye, adikira tsiku lomwe bambo atuluke kuti fumbi lisawapweteke. Makina awabwezere pamalo pake penipeni.

Musawauze, azakhali. Ndikufuna akalowa adziwe kuti chipinda chawo ndinachiwerengera monga zina zonse. Mwina akatero adzayankha foni.

Mwana wanu,
Kansingano

3 Juni

Mwanawe,

Kalata yako ya pa basi yandipeza dzana. Yafika zonse zitachitika kale.

Lachinayi lija tinapita kuchipatala m'mamawa. Mzere unali wautali, bambo ako anakhala pabenchi chipewa chili pamaondo, akucheza ndi munthu wa pambali pawo za makolala a malaya. Adokotala anawaunika ndi katochi, anayeza, kenako ananditengera pambali. Akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndi mtsempha wa m'kati wauma, chomwe chapita chapita. Atipatsa mankhwala odontheza kuti kuwala kotsalako kusathe. Pobwerera bambo ako anati, "Musalire mlongo, ndinkadziwa. Tiyeni kwathu, ndikagone m'kachipinda kanga."

Titakhota pa njira yathu ndinaona mulu pakhomo. Wofiira.

Mawamawa, munthu amene sanafikepo pa tsiku lake chibadwire, tsiku limenelo anafika. Anatiwona tikukwera galimoto, analowa ndi mnzake. Tinamupeza akutsuka manja pampopi, mano onse panja. Ati, "Mayi, lero dzina lija mundichotse! Tagomola, tasalaza, taika, zonse lero lomwe. Musapondepo mpaka mawa." Ndinafuna kumutukwana, koma ndimutukwane chiyani? Anatumidwa, anachita. Ndipo amene ndinati ndikakumana naye ndimuuza ndine, osapita kukamufuna.

Bambo ako anafunsa, "Kwachitika chiyani?" Anavula nsapato, ndinawagwira mkono mpaka pakhomo la kachipinda. Anatambasula phazi, anakhudza ndi chala chimodzi. Anabweza. Ati, "Ooh." Basi. Mawu ena ayi. Ndikanakonda akanakalipa.

Ndinawagoneka pabedi lalikulu. Ine ndinatuluka, ndinagwada pa mulu paja ndi diresi yanga yabwino, kufukula ndi manja. Aneba ankayang'ana, mwina amati ndapenga. Ndinkafuna pomwe panali pansi pa chopondera. Ndinapeza chibenthu chimodzi chachikulu ngati thireyi, chofiira, polishi wa mayi ako akadali pomwepo, ndi kadzenje kamodzi komwe chidendene chawo chinakumba zaka zonse zija. Zina zonse zinasweka.

Ndachitsuka, ndachiika pafupi ndi bedi pomwe amatsitsira mapazi. Sindinawauze. Sindikudziwa ngati ndachita bwino kapena ndawonjeza chilonda.

Ine ndasamukira kuno. Satuluka m'chipinda. Ndikawafunsa amati ali bwino.

Usadzidye mtima wekha, tigawane. Iwe unali kutali. Ine ndinali pompano.

Azakhali ako

14 Juni

Azakhali, iyi muwawerengere bambo. Musadumphe mawu.

Bambo,

Makalata awiri a azakhali afika tsiku limodzi, yonena za maso anu ndi yonena za kachipinda. Ndinawerenga yoyamba ndili chiimire, ndinathamangira foni kuti ndimuletse mmisiri. Kenako ndinaona deti la yachiwiri.

Kuno ndimasamalira anthu osaona. Lamulo loyamba lomwe anatiphunzitsa ndi loti usasunthe kanthu m'chipinda chawo, ngakhale mpando. Ndimakalipira anzanga akasuntha kapu. Ndiye ine ndasuntha nyumba yanu yonse.

Azakhali analemba zonse, za magalasi, za chala m'kapu, za mapazi opanda nsapato. Akanakhala munthu wa kuno ndikanadziwa tsiku lomwelo. Koma ndinali otanganidwa kufunafuna mkwiyo wanu m'mizere yonse, moti china chilichonse sindinachione.

Mukanandiuza, bambo. Koma inenso ndikanafunsa.

Ndikhoza kumuuza mmisiri achotse zonse, koma ndikudziwa kuti pansi pake palibenso kanthu. Ndiuzeni chochita. Nthawi ino sindisankha ndekha. Ndapempha tchuthi, akuti mwina mwezi wa Ogasiti. Ngati simukufuna kundilandira ndimva, koma ndibwerabe, ndikakhala pakhonde.

Ndine Kansingano wanu

30 Juni

Kansingano,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi azakhali ako, ndiye ukaona mawu opindika usadabwe, sukulu anathawa.

Mwanawe, ndalemba momwe anenera, koma dziwa kuti ndawatsina. Ndine azakhali. Akupitiriza.

Kalata yako ndamva. Pa maliro a mayi ako sindinakukwiyire. Mayi akowo ndiwo anati usabwere, ali pabedi, anati mwanayo akadzafunsa mudzamuuze asataye ntchito chifukwa cha bokosi. Ndinakuuza pafoni tsiku lija, koma unkalira, sunamve.

Za maso ndinabisa ndine. Telala amabisa msoko m'kati, koma uwu ndinaubisa mopitirira. Mukanadziwa simukanagomola. Ndiye mlanduwu tiugawe patatu, aliyense atenge kagawo kake, tisaunyamulenso.

Sindikunamiza, nyumba ija ndikuisowa. Pomwe pankakhala mpando wa mayi ako ndinkaimapo m'mawa uliwonse. Panali posalala ngati chikhatho chawo. Pamenepo ndiye pandipweteka, ndipo sipabwerera.

Mmisiri asachotse kanthu. Wagomola mokwanira.

Tsiku lina ndikutsitsa mapazi ndinaponda chinthu. Chidendene chinalowa chokha m'kadzenje. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Azakhali ako ankayesa sindikudziwa kuti aima pakhomo, koma amapuma ngati mvukuto.

Bodza, ndinali chete. Akupitiriza.

Ndiye ndayambira pamenepo. Ndikaika chidendene m'kadzenje, chala chachikulu chimaloza chitseko. Ndapezanso kuti pakati pa matailosi ako pali timizere. Ndi tating'ono, koma tilipo, ndipo ndi towongoka kuposa mng'alu wanga uja. Dzulo ndinatsata kamodzi mpaka kubafa ndekha. Pobwerera ndinasochera, ndinakalowa m'khitchini n'kugwetsa mapoto. Azakhali ako anayamba kulira, ndinati sekani, nthawi ino ndalola.

Ndili ndi zigamba zodzaza thumba. Ndikufuna kusoka kansalu kakatali kokhakhala, timate pansi kuchoka pabedi kukafika pa makina. Msoko wowongoka manja akuudziwa okha. Chondivuta ndi ulusi. Azakhali ako ayesa, akuti bowo la singano linatsekeka.

Linatsekekadi, mwanawe. Kaya ndi maso anganso.

Foni ya mabatani ija aipeza m'kabati, akuti aikonzetsa. Ukaimba ndiyankha.

Chinthu chimodzi matailosi ako aposa simenti yanga. Amalira. Munthu akangolowa pakhomo ndimamva phazi lake ndili kuchipinda. La azakhali ako limakoka kumanzere. La aneba limathamanga. Lako sindinalimvepo pamenepa.

Za kukhala pakhonde usiye. Ukafika usagogode, ndipo usalankhule. Ungolowa ndi nsapato zako, uyende mpaka kuno. Ndikufuna ndione ngati ndingakudziwe.

Singano ndaisiya pa makina, ulusi uli pambali pake.

Bambo ako